Phazi la Changa ndi Msampha wa Mwana Wake

Padangotero. Ngati palibe woyankha kuti tili limodzi, ndipitiriza ndekha, poti kuyankhula ndi khoma ndidazolowera.

Padali mudzi wa nyama zing'onozing'ono, a Nkhanga, a Mbira, a Nungu, a Chule, a Changa ndi ena otero. Nkhokwe zawo zinkadzaza, choncho akuba sankatha phazi. Lero Vumbwe, mawa Likongwe, mkuja wina amene dzina lake palibe adalimvapo. Choipitsitsa n'chakuti akubawo ankadziwa kuvala nkhope za eni mudzi. Munthu ankatha kulonjera mlamu wake pachipata, chonsecho ndi Likongwe. Chimene wakuba sankatha kusintha ndi phazi lokha.

Pa chifukwa chimenechi makolo adaika mwambo. Nyumba iliyonse inkapereka mwana wake woyamba kuti akhale mlonda, ndipo mlonda aliyense ankakhala ndi msampha wake umodzi, wokola phazi la mtundu umodzi. Mwanayo ankalandira chingwe cha makolo, chachitali, chofanana ndi cha anzake onse. Chingwecho chidali cha zigawo zitatu: kumayambiriro tizidutswa ta luzi, pakati ta khonje, kumapeto ta ubweya wa kumchira kwa nyumbu. Tizidutswato tidali tambiri, koma padalibe tiwiri tofanana. Kena kokhota, kena kokhuthala, kena kopyapyala ngati tsitsi.

Wodula adali Nkhanu. Ankamumanga nsalu kumaso, Chule n'kutembenukira kukhoma ndi ng'oma yake. Ng'oma ikamalira, dzanja la Nkhanu linkayenda pachingwe, ndipo ikangosiya ankadula pomwepo. Kadutswa kamodzi ka luzi, kamodzi ka khonje, kamodzi ka ubweya. Zotsala pakati pa modulamo zinkagwera pamoto. Pomanga mfundo, Nkhanu ankaluma timaulusi tina n'kutaya, kapena kuwonjezera tina ta m'thumba mwake, osayang'ana. Ndiye ngakhale mapasa sakadatuluka ndi misampha yofanana. Nthawi yonseyi amayi ankaimba nyimbo yawo yapang'onopang'ono, yonena kuti chodulidwa sichibwerera pachingwe, mwana alandire chimene dzanja lamupatsa. Mmodzi ankatsogolera, enawo n'kumavomera ndi mawu otsika ngati pamaliro.

Ukatha kumangidwa, msampha unkapita kwa Fulu, nduna yoyesa. Mayeso adali awiri. Poyamba unkayenera kugwira chikhomo cha mudzi chomangirirapo misampha, chifukwa msampha wosagwira chikhomo sungatchereke. M'mawa mwake mkulu wa mtundu uliwonse wa m'mudzimo ankapondamo, ndipo sunkayenera kukola ndi mmodzi yemwe. Wolephera ankabwerera kwa Nkhanu kukadula pachingwe chotsala, koma chingwe chinkangokwanira katatu. Chikatha, mwanayo ankamuperekeza kunja kwa mpanda, ndipo kunja kwa mpanda kudali a Vumbwe. Lamulo lowawa, koma malamulo sayamba afunsa mwini mwana.

Msampha ukapambana, udalibenso wotsutsa. Chilichonse chimene wakola ndi wakuba, kaya chavala nkhope ya ndani. Ndipo ukangokola wakuba, Kangaude ndi ana ake ankaluka ina yambirimbiri yofanana nawo, n'kuitchera m'njira zonse.

Musaganize kuti ndikubwebweta za ukalamba. Nditapita kuchipatala ndi mawondo angawa, dokotala wina wamkazi, yekhayo amene adandipatsa mpando, adandiuza kuti m'thupi mwathu muno zimayenda chonchi. Akuti asilikali a m'magazi amabadwira m'mafupa, ndipo aliyense akadali wamng'ono amadula tizidutswa pa malangizo amene tidatengera kwa makolo, n'kutilumikiza mwa njira yakeyake, kuti akhale ndi chogwirira chosafanana ndi cha mnzake, matenda asanabwere n'komwe. Akuti amene chogwirira chake chagwira thupi la mwiniwake amaphedwa asanayambe ntchito. Adafotokoza bwino mayi ameneyo. Mankhwala okha ndiwo kudalibe. Koma tibwerere kwa a Changa.

Changa adali mkulu wa mtundu wake, wakuthwa pakamwa, wa maso aakulu oona phindu pamene anzake akuona fumbi. Mkazi wake adali Nangondo, ndipo mwana adali naye mmodzi yekha, Sankhulani. Chaka cha Sankhulani chitakwana, Changa adapita kwa Nkhanu ndi chipanda cha mowa.

"Alamu, ndimakumverani chisoni ndi nsalu yakumasoyo. Bwanji mwana wangayu mungomudulira ngati wa mwana wa Nungu uja, udakola Vumbwe? Uja ndiye msampha."

"Wa Vumbwe ulipo kale," adatero Nkhanu. "Tikusowa wa amene sanabwere."

"Nanga amene sanabwereyo, phazi lake mulidziwa bwanji?"

"Sindilidziwa. N'chifukwa chake amandimanga kumaso. Ndikayang'ana ndisankha chimene ndidachionapo kale."

"Ndiye alonda ambiri amakalamba osakola kanthu."

"Ambiri ndithu. Mowawu ndimwa, alamu, koma nsalu ndivala."

Changa adabwerera akung'ung'udza kuti mwana wake sangathere moyo wonse akudikira mphepo. Anthu amatero ndithu. Ine ndidalondera geti la bwana wina mpaka imvi, wakuba osalowa, ndipo pondichotsa adati ndinkangowodzera. Sadafunse chimene chinkamuletsa wakubayo.

Tsiku lodula lisanafike, Changa adatenga chingwe cha mwana wake n'kupaka mafuta a nsatsi pa tizidutswa tonse, kupatula titatu timene ankatifuna. Ng'oma idalira, amayi adayamba nyimbo ija. Dzanja la Nkhanu likafuna kudula pamene ng'oma yasiyira, linkaterereka mpaka kukaima pouma. Changa adamwetulira chamumtima. Koma mafutawo adapakika m'dzanja la Nkhanu, ndipo mfundo zimene adamanga zidali zoterera. Fulu atangoukoka msamphawo kamodzi, udamasuka m'manja mwake.

"Mfundo sizidagwire," adatero Fulu akununkhiza zala. "Ndipo wina kunyumba kwanu amadzola mopitiriza."

"Ndi mayi akewa, agogo," adatero Changa. "Ndimawauza tsiku ndi tsiku."

Nangondo adangomuyang'ana. Atafika kunyumba adati, "Bambo a Sankhulani, ine nsatsi ndidasiya kudzola kalekale. Musiyeni mwana alandire chimene dzanja lamupatsa."

"Dzanja lilibe nzeru, iwe. Nzeru zili muno," adatero Changa akudzigogoda pamphumi.

"Ndiye zisungeni momwemo. Mwana ndi mmodzi."

Ulendo wachiwiri chingwe adachisunga Fulu, kuti pasakhalenso wodzola pafupi. Changa adakakhala pambali pa Chule, nati akufuna kumukupiza mphepo poti kuimba ng'oma n'kotopetsa. M'dzanja adabisa munga. Adali ataganiza kuti za Vumbwe n'zazing'ono. Mwana wake akole Fisi, mudzi wonse umugwadire. Amayi adayambanso nyimbo yawo, mawu omwe aja a chodulidwa chosabwerera. Dzanja la Nkhanu likafika pa kadutswa kakakulu, Changa ankabaya Chule pantchafu, ng'oma n'kuima.

"Pali utitiri pano," adatero Chule atabayidwa kachitatu.

"Ndaumva nanenso, achimwene. Limbani mtima, mwatsala pang'ono."

Msampha udatuluka waukulu, anthu mpaka adaomba m'manja. Fulu adauveka pachikhomo, udagwa. Adauzunguliza kawiri, udagwanso.

"Uwu si msampha, ndi lamba wa Mvuu," adatero Fulu. "Chatsala chingwe cha ulendo umodzi, a Changa. Ndinu wamkulu, mukudziwa tanthauzo lake."

Tsiku limenelo Sankhulani sadadye. Adangokhala akutokosa pansi ndi kamtengo, kenako adafunsa, "Ababa, mwa amene adaperekezedwa kunja, alipo adabwerako?"

"Mwana safunsa akulu ali pa chakudya," adatero Changa. Koma nayenso adakankhira chakudya chake pambali.

Ine sindimuseka Changa. Kholo limathyoka msana pofuna kuti mwana akhale pamwamba pa anzake, ndipo nthawi zina pokankhapo ndi pamene limamugwetsa. Ndili nawo anga kutauni amene adakwera, ndipo sayang'ana pansi. Zonsezi n'zowawa, sindidziwa chowawa kwambiri n'chiti.

Ulendo wachitatu Nangondo adamukhazika mwamuna wake pakati pa amayi oimba, atamugwira mchira. Changa sadakhudze kanthu. Nyimbo idamveka yolemera tsiku limenelo, ndipo wotsogolera mawu adamuthera pakati, chifukwa onse ankaona kuti chingwe chatha. Zotsala zomaliza zidagwera pamoto. Msampha udatuluka waung'ono, wooneka bwino, wa mfundo zolimba. Pachikhomo udagwira. Nangondo adaimba nthungululu. Kudangotsala kuponda kwa akuluakulu m'mawa mwake.

Masana omwewo Nangondo ndi mwana wake atapita kukatunga madzi, Changa adatsitsa msamphawo pamene adaupachika. Adautembenuza uku ndi uku, n'kuona kuti kukamwa kwake kuli kampata kolowa chala chachikulu chotalikirana ndi zinzake. Adadziyang'ana kuphazi. Adautchera pansi, n'kupondamo pang'ono pokha. Udamukola mpaka misozi. Adaumasula ndi mano, n'kuubwezera pamalo pake.

Mkulu wa a Changa wokaponda mawa adali iye mwini. Akakoledwa, Sankhulani apita kunja kwa mpanda. Za mafuta ndi munga, zimene zidadya maulendo awiri a mwana wake, sadafune kuziganiza. Adapita kumtengo wa mthethe, adakanda utomoni, n'kuumata kuphazi mpaka chala chachikulu chidagwirana ndi zinzake. Pamwamba pake adawaza fumbi.

M'mawa adaponda Nkhanga, msampha udamuleka. Adaponda Mbira, Nungu, Chule, onse udawaleka. Changa adabwera akutsimphina.

"Phazi latani?" adafunsa Fulu.

"Chitsa, agogo. Latupa pang'ono. Koma mwambo ndi mwambo, ndiponda ngakhale zikuwawa."

"Akadakhala onse ngati inu," adatero Fulu.

Changa adaponda. Chingwe chidafuna kampata ka chala chija, osakapeza. Chidangomukhudza n'kugona.

"Wapambana," adatero Fulu. "Sankhulani ndi mlonda."

Anthu akadali kuvina, Changa adamukokera Fulu pambali. "Mwana wangayu ndi wamantha, agogo, adatengera kuchikazi. Muyambe mwamuika kunjira ya kudzala, kosadutsa anthu, azolowere." Fulu adavomera, poti njira imeneyo padalibe woifuna.

Alonda atsopano sankabwera kunyumba kufikira nyengo yokolola. Kwa abale ake onse Changa adalengeza kuti njira ya kudzala yadzaza linthumbu, asayerekeze kupondako. Chakudya ankapereka yekha, akudumpha m'nthambi, n'kumuponyera mwana ali m'mwamba.

"Tsikani mukhale pansi, ababa, ticheze."

"Ndikulimbitsa miyendo, mwana wanga. Wakola kanthu?"

"Ayi. Kuno kumangodutsa ntchentche."

"Ndi bwino choncho. Ulemu subwera mothamanga."

Changa sadamuuze mkazi wake zoona. Ankati mkazi akadziwa ndiye kuti pamtondo padziwa. Koma Nangondo adayamba kupukwa mwana.

"Mawa ndipite ndine," adatero.

"Kuli linthumbu."

Patapita masiku adati, "A Mbira akuti linthumbu lidasamuka."

"Lidathawa mphiri. Mphiriyo ikadali komweko."

Patapitanso masiku adati, "Nanga inu mphiriyo sikulumani?"

"Ine ndimayenda m'mwamba. Ndiponso mwambo sulola mayi kuona mlonda watsopano. Ufuna umulodze mwana?"

Koma pamtondo pomwepo Nangondo adamva mkazi wa Nkhanga akunena kuti wangochokera kwa mwana wake wa kunjira ya kumunda, ndipo wamupeza atanenepa. Adadikira tsiku limene Changa adapita kumowa kukadzitama kuti mwana wake adapambana chifukwa chobadwa kwa munthu wanzeru. Adamanga kamtolo ka ngumbi zouma, n'kutsata njira ya kudzala wapansi, monga amayendera munthu wopanda chobisa.

Msampha udali pansi pa masamba. Udamukola. Sankhulani ali mumsasa adamva chingwe chikukoka, ndipo adachita monga adamuphunzitsira: mlonda amayamba waitana mudzi, kuyang'ana pambuyo. Adakweza nyimbo ija ya chingwe, koma mofulumira, monga alonda amaiimbira akakola, ndipo alonda a njira zina adavomera. Pamene ankatuluka mumsasa n'kuti mudzi wonse ukuthamangira komweko.

"Amayi," adatero Sankhulani.

"Ndi mmene akuba amabwerera," adatero Fulu. "Amasankha nkhope yoti ufooke nayo. Kaitaneni a Changa."

Changa adafika mowa utamuthera m'mutu.

"Nkhani ndi yaifupi, a Changa," adatero Fulu. "Ngati uyu ndi Nangondo, msamphawu ukukola eni mudzi, ndipo Sankhulani atuluka mpanda lero. Ngati si Nangondo, atuluka ndi uyu. Mkazi ndi wanu, tiuzeni."

"Agogo, nkhani yaikulu sakamba dzuwa lili paliwombo. Timusunge kaye m'nyumba, tikambe mawa."

"Wakuba sagona mkati mwa mpanda."

"Komanso chingwe chikanyowa ndi mame chimafupika. Mwina ndi mame."

"Mwina. Ndiye tiuyesenso. Mupondemo inu, poti kutupa kuja kudatha."

Anthu onse adayang'ana phazi la Changa. Nangondo nayenso adaliyang'ana, n'kuona pamene utomoni udazula ubweya, pakati pa chala chachikulu ndi zinzake. Adakumbukira linthumbu, mphiri, ndi kuyenda m'nthambi kuja. Adayang'ana mwana wake. Kenako adaseka ndi mawu osasa amene palibe adawamvapo.

"Musavutike ndi zoyesa," adatero. "Mwandigwira. Nangondo wanuyo ndidamupeza kuchitsime m'mawa uno. Adali wowonda, sindidakhute n'komwe."

Amayi a m'mudzi adagwira pakamwa. Sankhulani adamulavulira kumaso. Nangondo sadapukute.

"Kamtoloka n'kake, ndidamulanda," adatero akukakankhira kwa mlondayo ndi phazi lomasuka. "Idya, iwe mlonda. Chakudya sichilakwa."

Kenako adatembenukira kwa Changa. "Nanga inu bambo a maso aakulu, mulibe mawu? Ndidamva kuti m'mudzi muno wochenjera ndinu."

Changa adatsegula pakamwa. Adayang'ana mwana wake, ataimirira ndi chingwe m'manja. Adati, "Uyu sindimudziwa."

Za kuyesanso msampha palibe adazikumbukira. Adamuperekeza kuchipata, ndipo wogwira chingwe adali Sankhulani, poti ulemu umenewo ndi wa wokola. Nangondo adatuluka osacheuka.

Kangaude ndi ana ake adaluka usana wonse, ndipo sabata isanathe msampha wa Sankhulani udali m'njira zonse za mudzi. Mlongo wake wa Changa adakoledwa popita kumunda. Mphwake adakoledwa pakhomo pa nkhokwe. Mudzi udati akuba adya a Changa ambiri n'kuvala nkhope zawo, ndipo aliyense wokoledwa ankamutulutsa uku akulira maliro a mwini nkhope. Changa, pofuna kupulumutsa otsala, adawanong'oneza za utomoni, osanena kumene adaziphunzira. Zidathandiza kufikira tsiku lina lotentha pamene utomoni udasungunuka kuphazi kwa msuweni wake, pakati pa bwalo. Kuyambira pamenepo Fulu adalamula kuti pa msampha uliwonse pakhale chipanda cha madzi, wokayikiridwa asambe phazi asanaponde. Tsiku limenelo Fulu adamuyang'ana Changa nthawi yaitali, koma nduna sikonda kuvomera kuti idanamizidwa pamaso pa anthu. A Changa otsala adakwera m'mitengo.

Mudzi udamukweza Sankhulani kukhala mkulu wa alonda, n'kumuveka nthenga pamutu. Anthu ankamugwadira panjira. Chimene bambo ake ankafuna chidachitika, ndipo iwo ankachionera m'masamba.

Tsiku lina Sankhulani adabwera yekha pansi pa mtengo umene bambo ake ankakhala. Adaika chipanda cha madzi pansi, n'kutchera msampha wake pambali.

"Ababa."

"Ndili pano, mwana wanga. Nthengayo yakukhala. Akukudyetsa bwino?"

"Kumudzi akuti nanunso adakudyani kalekale, amene ali m'mwambamo ndi wakuba. Ine ndakana. Ndawauza kuti bambo anga adapondamo mudzi wonse ukuona, msampha udawaleka. Tsikani, musambe, mupondemo kamodzi kokha. Nyumba ndafolera. Tikakhale awiri."

"Miyendo, mwana wanga. Ukalamba."

"Ndikwera ndikuberekeni."

"Nthambi izi n'zofumbwa, ungagwe. Bwera mawa."

Sankhulani adakhala pansi, natsamira mtengo. Kenako adati, "Ndimamulota uja tidamutulutsayo. Kodi wakuba amauza munthu kuti adye? Ngumbi zija zidali ndi mchere wa mmene ankathirira amayi. Ababa, ngati pali chimene mukudziwa, nenani. Ndakula."

Changa adafufuza m'mutu mwake, mmene munkatuluka nzeru nthawi zonse, koma mudalibe kanthu. Akanena, mwana atuluka mpanda, ndipo atuluka akudziwa nkhope imene adailavulira. Akatsika, msampha unena zomwezo.

"Adali wakuba," adatero. "Udachita bwino."

"Ndiye tsikani."

Changa adagwira nthambi ndi manja onse awiri, nakwera ina yapamwamba.

Sankhulani adadikira mpaka mthunzi udasuntha. Adaimirira, nadzisasa fumbi. "Ndiusiya pompano," adatero. "Ngati ndinu bambo anga, sukukolani." Adapita, ndipo sadabwerenso.

Mpaka lero changa amakhala m'mitengo, ndipo akatsika amangodumphadumpha ngati pansi pakutentha. Kulira kwake mumakudziwa, kuli ngati kwa khanda. Ena amati akulira mkazi. Ine ndimati akuitana mwana wake, uku akuopa kuti angabweredi.

Yathera pamenepa. Mbatata ili paphulusa, aphule amene ali ndi wodya naye.